Wogoletsa timamudziwa tonse, nanga wotchinga amamuona ndani?

Funsani aliyense wokonda mpira kwathu kwa Msakambewa, pa Dowa Boma kapena pa Mponela zimene amakumbukira za mpikisano wa matimu a mu Africa umene unachitikira ku Cameroon mu Januwale 2022. Yankho limakhala limodzi: chigoli cha Gabadinho Mhango. Patangotha mphindi 7 masewero atayamba ku Yaoundé, Gaba anaona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, watalikira golo lake, ndipo anamenya mpira ali kutali zedi, n'kukagwera muukonde. Tinaluza 2-1, koma chigolicho chinamveka dziko lonse lapansi, ndipo n'choyeneradi kuchikumbukira.

Komabe Flames sikanafika ku Yaoundé pakanapanda tsiku la 18 Januwale ku Bafoussam, pamene anyamata athu analepherana mphamvu ndi Senegal 0-0. Senegal yomweyo, ya Sadio Mané, ndiyo inadzatenga chikhocho. Pointi imodzi ija inatifikitsa pa mapointi 4, amene anatilowetsa m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu. Tsono afunseninso anthu omwe aja kuti akutchulireni amene anatchinga kumbuyo tsiku limenelo. Ambiri amatchula goloboyi Charles Thom, kenako amayamba kukanda m'mutu.

Kukanda m'mutu kumeneku ndiko kwandilembetsa nkhaniyi. Ngati sitikumbukira otchinga a timu ya dziko, amene tinawaonera pa kanema, kodi mnyamata wa zaka 15 amene amatchinga bwino pa bwalo la fumbi m'munsi mwa phiri la Kongwe adzamuona ndani? Ndikufuna kutsata mbiri ya funso limeneli, la momwe anthu akhala akuyesera osewera achinyamata. Ndidzera ku America kaye, chifukwa kumeneko kuli masewero amene atha zaka pafupifupi 90 akulimbana ndi funso lomweli, ndipo zonse zimene anapambana ndi zimene analakwitsa anazilemba.

Masewero achilendo, funso lathu lomwe

Ndinafika pa masewero amenewa potsatira Temwa Chawinga. Mu 2024 mwana wa ku Rumphi ameneyu anayamba kusewerera Kansas City Current, anamwetsa zigoli 20 mu ligi, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mmodzi mwa eni timu yakeyo ndi Patrick Mahomes, katswiri wa timu ya Kansas City Chiefs, imene imasewera masewero ena amene anthu a ku America amawatchulanso kuti football.

Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, amaunyamula m'manja, ndipo osewera amavala zipewa zolimba ngati za okwera njinga yamoto. Mbali iliyonse ili ndi anthu 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4 yoti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita opitirira pang'ono 9. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina 4, ikalephera mpira umapita kwa anzawo.

Pali malo awiri amene akundikhudza pano. Oyamba ndi a running back. Uyu amalandira mpira ali kumbuyo kwa anzake asanu ojintcha amene amakankha adani kuti pakhale mpata, iye n'kulowa pampatapo mwaliwiro. Mayadi alionse amene wathamanga amalembedwa pa dzina lake. Achiwiri ndi a linebacker, amene amaima kumbuyo kwa mzere woyamba wa otchinga. Ntchito yake ndi kuzindikira kumene mpira ukulowera usanafike, kutseka mpatawo, ndi kugwetsa wonyamula mpirayo. Mu mpira wathu tinganene kuti woyambayo ndi nambala 9, wachiwiriyo ndi nambala 5 kapena 6. Ntchito ya woyamba imawerengeka mosavuta. Ya wachiwiri ikagwiridwa bwino, kawirikawiri palibe chimachitika choti munthu alembe.

Kuchoka pa nyuzi kufika pa wotchi

Ligi ya NFL inayamba mu 1920. Eni matimu anagwirizana kuti kuyambira mu 1936 chaka chilichonse azisankha mosinthana anyamata omaliza maphunziro m'makoleji, timu yothera kumunsi pa ligi ndiyo iziyamba. Panthawiyo analibe anthu oyendayenda kukaona osewera. Ankadalira zimene awerenga m'nyuzi ndi zimene amva kwa anzawo. N'zosadabwitsa kuti woyamba kusankhidwa anali wothamanga ndi mpira, Jay Berwanger wa University of Chicago, amene dzina lake linali m'nyuzi zonse. Berwanger sanagwirizane nawo pa za malipiro, anakayamba ntchito zina, ndipo sanasewereko mu NFL ngakhale tsiku limodzi.

M'zaka za m'ma 1940 timu ya Los Angeles Rams inalemba ntchito Eddie Kotal kuti azingoyenda pa galimoto, koleji ndi koleji, kuonera osewera n'kumalemba zimene waona. Ulendo wotere ndi umene unapezetsa Paul Younger, amene ankamutcha Tank, wa ku Grambling ku Louisiana, koleji ya anthu akuda imene matimu a azungu sankaiganizira n'komwe. Palibe timu inamusankha mu 1949, koma Rams inamutenga, ndipo anasewera malo onse awiri, kuthamanga ndi mpira komanso kutchinga.

Kenako kunabwera manambala. Kumayambiriro kwa m'ma 1960 timu ya Dallas Cowboys inaitana katswiri wa masamu wochokera ku India, Salam Qureishi, kuti aike mu kompyuta zonse zimene anthu awo ankalemba za osewera. Mu 1982 matimu anayamba kusonkhanitsa anyamata pamalo amodzi ku Tampa kuti awayese, ndipo kuyambira 1987 msonkhanowu umachitikira ku Indianapolis. Chaka chilichonse anyamata opitirira 300 amapimidwa msinkhu ndi kulemera, amathamanga mayadi 40 wotchi ili m'manja, amanyamula chitsulo cha makilogalamu 102 mobwerezabwereza, amadumpha, ndipo madokotala amawaunika mawondo ndi mapewa.

Chaka cha 1995 chinaonetsa pamene wotchi imathera. Woyamba kusankhidwa anali running back wotchuka, Ki-Jana Carter. Pa masewero ake oyamba okonzekera ligi anavulala bondo, ndipo sanabwererenso mwakale. Wa nambala 7 anali Mike Mamula, amene anatha miyezi akuphunzira mayeso a ku Indianapolis aja monga momwe wophunzira amalowezera mapepala a mayeso akale. Anakhoza mochititsa chidwi, moti Philadelphia Eagles inasinthanitsa malo ake ndi Tampa Bay Buccaneers kuti imupeze msanga. Mamula anasewera bwino ndithu, koma osafika pamene ankamuyembekezera. Tampa Bay, imene inalolera kudikira, inatenga Warren Sapp ndi linebacker wooneka wochepa thupi, Derrick Brooks, ndipo onse awiri lero ali m'nyumba yolemekezera akatswiri a masewerowa ku Canton. Pa nambala 196, anthu ambiri atasiya kale kumvetsera, Denver Broncos inatenga running back wina dzina lake Terrell Davis. Iyeyu anathandiza timuyo kutenga chikho cha Super Bowl kawiri motsatizana, ndipo mu 1998 anathamanga mayadi 2,008.

Nkhani ya Davis ili ndi mchira wake. Iye atavulala mu 1999, analowa m'malo mwake mnyamata wosadziwika, Olandis Gary, n'kupyola mayadi 1,000. Chaka chotsatira Mike Anderson anachita chimodzimodzi, kenako Clinton Portis. Anthu anayamba kufunsa: kodi mayadi onsewa ndi a wothamangayo, kapena ndi a anthu asanu aja amene amamutsegulira njira? Funsoli linagwetsa mtengo wa malo amenewa. Mu 2013 ndi 2014 palibe running back anasankhidwa m'ndime yoyamba, ndipo mu 2023 akatswiri a malowa anachita kukumana pa intaneti kudandaulirana za malipiro. Koma pamene ambiri ankati nkhani yatha, Saquon Barkley, amene mu 2023 anathamanga mayadi 962 ali ku New York Giants, anasamukira ku Philadelphia kumene kunali otsegula njira amphamvu, n'kuthamanga mayadi 2,005 mu 2024, timuyo n'kutenga Super Bowl. Munthu yemweyo, miyendo yomweyo, manambala osiyana kutalitali. Paja akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Amene wotchi inawakana

Kwa otchinga mbiri ndi yowawa kuposa apa. Mpaka mu 1982 ligi sinkawerenga n'komwe mwalamulo kuti wotchinga wagwetsa kangati woponya mpira wa timu inayo, chikhalirecho mayadi a othamanga ankalembedwa kuyambira m'ma 1930. M'mbiri yonse ya mphoto yaikulu ya wosewera wopambana onse mu ligi, otchinga amene aitenga ndi awiri okha: Alan Page mu 1971 ndi linebacker Lawrence Taylor mu 1986. Taylor yemweyo, amene ambiri amati ndiye wotchinga woposa onse amene anakhalako, mu 1981 anasankhidwa pa nambala 2. Nambala 1 inapita kwa running back, George Rogers.

Chaka chomwecho cha 1981 kunali mnyamata wina, Sam Mills, wotalika mamita 1.75 okha. Palibe timu inamusankha. Cleveland Browns inamuyesa n'kumubweza, Toronto Argonauts ya ku Canada inachitanso chimodzimodzi, onse ponena kuti ndi wamfupi. Anakayamba uphunzitsi pa sukulu ya sekondale. Mwayi unamupeza pamene kunayambika ligi ina yaing'ono, ndipo mphunzitsi amene anamuona kumeneko, Jim Mora, anapita naye ku New Orleans Saints mu 1986. Mills anasewera zaka 12 mu NFL, anamwalira mu 2005, ndipo mu 2022 dzina lake linalowa ku Canton. Tepi yoyezera inanena zoona kuti ndi wamfupi. Chimene inalephera kuyeza n'chakuti ankazindikira kumene mpira ukulowera msanga kuposa aliyense pabwalopo, ndipo zimenezo amaziona yekhayo amene wakhala pansi kumuonera masewero ambiri.

Pa anthu onse a m'mbiri imeneyi, amene ndimamuganizira kwambiri ndi Bill Nunn. Anali mtolankhani wa nyuzi ya anthu akuda ya Pittsburgh Courier, ndipo kwa zaka zambiri ankayenda m'makoleji osauka a anthu akuda kum'mwera kwa America, kuonera masewero amene nyuzi zikuluzikulu sizinkawalemba. Ankadziwana ndi aphunzitsi, ankagona m'nyumba zawo, ankabwereranso chaka ndi chaka. Chakumapeto kwa m'ma 1960 timu ya Pittsburgh Steelers, imene inali isanatengeko chikho cha ligi, inamulemba ntchito. Kudzera mwa iye inapeza Mel Blount, L.C. Greenwood, John Stallworth ndi Donnie Shell, ndipo pa nyengo za masewero za pakati pa 1974 ndi 1979 inatenga Super Bowl kanayi. Nunn analibe makina oposa a anzake. Ankangopita kumene anzake sankapita, ndipo ankabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbiri yathu ikuti chiyani?

Tibwerere kwathu. Mpira wamiyendo unafika kuno kudzera m'mamishoni, m'sukulu ndi mwa asilikali, ndipo m'nthawi ya atsamunda azungu anali ndi makalabu awo, anthu akuda awonso. Mu 1962 timu ya Nyasaland inakwapulidwa ndi Ghana 12-0. Bungwe la FAM linakhazikitsidwa mu 1966. Patangotha zaka 12, mu 1978, Malawi inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia pakhomo pompano, mphunzitsi ali Ted Powell wa ku England. Mu 1979 inachitenganso itagonjetsa Kenya kwawo komwe, ndipo inadzachitenga kachitatu mu 1988.

Tikamakamba za m'badwo umenewo dzina loyamba ndi la Kinnah Phiri, ndipo zigoli zake 71 za timu ya dziko palibe wazifikapo. Koma kumbuyo kwake kunali Jack Chamangwana, amene anavala malaya a dziko ka 133, ndipo posakhalitsa kunadza Young Chimodzi, amene anawavala ka 159, kuposa wina aliyense. Kuchoka pa kumwa zigoli 12 tsiku limodzi kufika potenga zikho, pafunika anthu amene aphunzira kutseka pakhomo.

Chodabwitsa n'chakuti akunja ankaziona zimenezi. Kaizer Chiefs ya ku Johannesburg inatenga Chamangwana m'ma 1980, ndipo anadzakhalanso mphunzitsi wa timuyo. Patapita zaka inatenganso wotchinga wina wa ku Malawi, Patrick Mabedi, amene anafika pokhala kaputeni. Peter Mponda ndi Limbikani Mzava nawonso anadya ndalama za ku South Africa chifukwa chotchinga. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, tsiku limene tinaswa Algeria 3-0, kaputeni anali Mponda, chigoli chachiwiri anagoletsa ndi wosewera kumbuyo Elvis Kafoteka, ndipo timu imene inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chimenecho inatuluka m'bwalo yopanda chigoli. Ku Cameroon, amene tinawaiwala aja ndi Stanley Sanudi, Dennis Chembezi, Lawrence Chaziya, Gomezgani Chirwa ndi Mzava yemweyo. Masiku athu aakulu mu mpira akhala akuyambira kumbuyo.

Pali chaka china chimene chiyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wofuna kulera osewera: 2009. Chaka chimenecho timu yathu ya anyamata osapyola zaka 17 inasewera mu World Cup ya msinkhu umenewo ku Nigeria. Malowo tinawapeza Niger itachotsedwa mu mpikisano wa mu Africa chifukwa choseweretsa wopyola zaka. Ndi mu mpikisano womwewo wa ku Nigeria mmene FIFA inayamba kuunika mafupa a padzanja ndi makina a MRI pofuna kugwira onama zaka. Tinaluza masewero onse atatu: 2-0 ndi United Arab Emirates, 1-0 ndi America, 4-1 ndi Spain. Mu timu ya Spain ija munali Isco, Koke, Sergi Roberto ndi Álvaro Morata, amene mu 2024 anakweza chikho cha ku Europe ngati kaputeni. Anyamata a ku Spain aja anabwerera ku makalabu amene anali ndi mbiri ya aliyense wa iwo kuyambira ali aang'ono, akudziwa kuti uyu wakula bwanji, wavulalapo pati, akufooka mbali iti. Mwa athu a m'badwo umenewo, ochepa anatuluka kunja, monga Robin Ngalande amene anakafika ku timu ya achinyamata ya Atlético Madrid, ena anasewera mu Super League, ena anangozilala. Pa zaka 17 tinali pabwalo limodzi ndi anthu amenewa. Kusiyana kwakukulu kunadza pa zaka zotsatira, pamene anzathu anali ndi wowatsata.

Nkhani ya zaka si yaing'ono. Dziko lathu linayamba kukakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017. Izi zisanachitike, mphunzitsi woona anyamata awiri pabwalo analibe njira yodziwira kuti wamphamvuyo ali ndi zaka 19 pamene wowondayo ali ndi 14. Ankasankha wamphamvuyo, wowondayo n'kubwerera kudimba. Ana oyamba kubadwa pansi pa lamulo latsopanoli akulowa kumene msinkhu woyamba mpira wa mpikisano. Ndi m'badwo woyamba umene tingautsate mosakayika, ngati tikufuna.

Momwe mwana amaonekera kwathu

Kwathu kwa Msakambewa, ndi kumapiri onse mpaka ku Ntchisi, mpira umayamba ndi chikulunga cha majumbo pakati pa mudzi. Mwini mpira ndiye amasankha timu. Waluso pa njomba amapita kutsogolo, wamng'ono kapena wonenepa amamuika pagolo, ndipo otsala, amene palibe akuwafuna, amawauza kuti abwerere kumbuyo. Kuyambira pa zaka 8 mwana amadziwa kale kuti kutchinga ndi chilango.

Chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo fodya wapita kumsika, mabwalo a sukulu za pulayimale amadzaza. Nthawi imeneyi ndi ya zikho za mafumu, za amalonda ndi za andale, makamaka chisankho chikayandikira. Pafupifupi zonsezi ndi za chipulumutso: waluza watuluka. Timu ikaluza tsiku loyamba, nambala 5 wake, ngakhale atasewera bwanji, sadzaonekanso mpaka chaka chamawa. Wogoletsa amamunyamula m'mwamba, azimayi amalulutira, anthu amalowa m'bwalo kukamufupa. Amene analanda mpirawo kumbuyo n'kuupereka bwino amabwerera pamalo pake chete. Pofika mu ndime yomaliza, matimu ena amakabwereka osewera aganyu ku Mponela kapena ku Lilongwe, anyamata a pamudzi amene anaifikitsa timu pamenepo n'kukhala panja. Ngati pali mlendo wochokera ku timu yaikulu, amabwera tsiku lomalizali, amaona aganyuwo, amafunsa dzina la amene wagoletsa, n'kukwera galimoto dzuwa lisanalowe.

Umu ndi momwe eni matimu a ku America ankasankhira mu 1936: kutsata dzina limene lamveka. Ife tili ulendo wa maola ochepa kuchoka ku Bingu National Stadium, ndipo matimu a Super League ali pafupi pomwepa ku Lilongwe, koma mwana wa kuno amene luso lake silikuwa ali kutali ngati Tank Younger ku Grambling asanabwere Kotal.

Zimene sindikunena

Wina adzati: anthu a ku America ali ndi ndalama, NFL imapeza mabiliyoni a madola chaka chilichonse, ife tikulephera kugula ngakhale laimu wolembera mizere. N'zoona. Winanso adzati mchitidwe wovula anyamata malaya n'kumawapima ngati ng'ombe pamsika si wosiririka, makamaka m'dziko limene lili ndi mbiri ya ukapolo, ndipo anthu ambiri a ku America komweko anenapo zimenezi. Masewero enieniwo ali ndi mtengo wake. Dokotala wochokera ku Nigeria, Bennet Omalu, ataunika ubongo wa Mike Webster, katswiri wa Steelers amene anamwalira mu 2002, anapeza matenda obwera chifukwa chogundana mitu kwa zaka zambiri. Matenda omwewo anapezeka mu ubongo wa linebacker wotchuka Junior Seau atamwalira mu 2012. Sindikulakalaka kuti masewero amenewa afike pa Dowa.

Koma mukaiwerenga bwino mbiri ija, zimene zinawonongetsa ndalama zambiri ndi zimene zinanamiza anthu kawirikawiri. Wotchi inakweza Mamula, tepi inakana Mills. Zimene zinapindulitsa zinali zotchipa: munthu wopita kumene ena sapita, wobwerera kangapo, wolemba zimene waona, ndiponso wofunsa kuti manambala a wothamangayu ndi ake yekha kapena ndi a anzake. Zimenezi sizilira madola.

Kope la masamba 80

Ndikuganiza za chinthu chaching'ono. Pa sukulu iliyonse pali mphunzitsi woona zamasewero, ndipo pa timu iliyonse ya m'mudzi pali mlembi amene amasunga ndalama za zopereka. Mmodzi wa awa atakhala ndi kope, tsamba limodzi la wosewera aliyense, angalembe dzina lonse, tsiku lobadwa lochokera pa chiphaso kapena pa buku la kusikelo, mudzi, malo amene amasewera, ndi masewero onse amene walowa. Kwa wakutsogolo asalembe zigoli zokha, alembenso amene anamupatsa mpirawo ndi mipata imene waphonya. Kwa wakumbuyo alembe kuti walanda mpira kangati, wadutsidwa kangati, wapambana kangati mpira wa m'mwamba, ndipo akalanda amaupereka kwa mnzake kapena amangoumenyera kutchire. Akaphatikiza apo zigoli zimene timu imamwa iye alipo ndi zimene imamwa iye kulibe, pakatha zaka zitatu kopelo lidzanena zimene tsiku limodzi la fainolo silinganene.

Mafoni ojambula alipo kale m'midzi. Vuto n'lakuti wojambula amatsata mpira ndipo amayamba kujambula anthu akayamba kukuwa. Atakwera pachulu kapena pangolo n'kujambula theka la bwalo kwa mphindi 20 osasuntha, wotchinga wabwino adzaoneka yekha: momwe amaimira, momwe amalozera anzake, momwe amafikira pamalo mpira usanafike. Ife ophunzira a m'mayunivesite, amene timabwerera kumudzi patchuthi n'kumangoonerera, tingathe kugwira ntchito imeneyi. Tinaphunzira kusunga manambala, ndipo tikudziwa kutumiza kanema pa WhatsApp.

Palinso ndalama pankhaniyi, zimene makomiti ambiri a m'midzi sazidziwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka ku kalabu ya dziko lina kupita ku ya dziko linanso, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa makalabu amene anamulera pakati pa zaka 12 ndi 23. Koma amalandira ndi makalabu okhawo amene ali m'kaundula wa bungwe la mpira ndipo wosewerayo analembetsedwa pansi pawo. Timu ya pamudzi imene inaphunzitsa mwana kwa zaka zinayi popanda pepala lililonse, tsiku limene mwanayo adzagulidwe ku Johannesburg kapena ku Europe, sidzaona ngakhale tambala. Kulembetsa timu mu ligi ya boma, pansi pa bungwe la mpira la m'chigawo chapakati, ndi ntchito yotopetsa, koma ndiyo imasandutsa kope lija kukhala umboni.

Kwa amene amapereka zikho ndili ndi pempho limodzi lokha. Ndalama zomwezo zimene zimathera pa Loweruka atatu a chipulumutso zingathe kuyendetsa ligi yaing'ono ya matimu 8, iliyonse kukumana ndi inzake kawiri, kwa miyezi itatu kapena inayi ya chilimwe. Mwana aliyense angasewere ka 14 m'malo mwa kamodzi. Ndipo pa tsiku lopereka mphoto, pambali pa envulopu ya womwetsa zigoli zambiri, pakhale ina yofanana nayo ya wotchinga, yosankhidwa ndi aphunzitsi a matimu onse, aliyense osavotera wake.

Zitenga nthawi. Kuchoka pa Berwanger kufika pa Bill Nunn panadutsa zaka zoposa 30, ndipo mpaka lero matimu a NFL amalakwitsabe chaka chilichonse ngakhale ali ndi makina onse. Ife tili ndi mwayi woti zolakwa zawo tinaziwerenga kale. Chilimwe chikubwerachi, mukakaima m'mbali mwa bwalo kwa Msakambewa, kwa Chiwere kapena ku Malomo, yesani kwa mphindi 10 zokha kusiya mpira upite kumene ukupita, maso anu akhale pa nambala 5. Mukaona kuti akudziwa chimene akuchita, funsani dzina lake ndi chaka chimene anabadwa, mulembe, ndipo mudzabwerenso Loweruka lotsatira.